Chikalata cha madandaulo a anthu a m'makomboni pa mapangano otola zinyalala

Kwa a Meya ndi makhansala onse a Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka,
Kope: a Nduna ya Maboma Aang'ono ndi Chitukuko cha Kumidzi.

Olemekezeka akuluakulu,

Ife a ku Kanyama, Chawama, George, Matero, Mtendere ndi Kalingalinga tabwera ndi dandaulo pa mapangano amene amasainidwa ndi makampani otola zinyalala. Kugwira ntchito ndi makampani sitikukana. Chikutiwawa n'chakuti ndalama zimachoka m'matumba mwathu mwezi ndi mwezi, koma pangano lenilenilo sitinaliwonepo.

Ntchitoyi inagawidwa pawiri. M'mayadi muli makampani amene amanyamula zinyalala pageti n'kukataya ku Chunga. Kuno kwathu kuli timagulu ta m'komboni, anyamata a mawilibala, amene amatola khomo ndi khomo n'kukaunjika pamalo amodzi kuti galimoto idzanyamule. Vuto lagona pamenepo. Galimoto ikapanda kubwera, wawilibala amati yake anamaliza, mwini galimoto amati sanalipidwe, mulu uli tuu pafupi ndi msika. Anthu akawona zimenezi amaleka kulipira, kagulu kaja kamagwa, zinyalala n'kumathera m'ngalande usiku. Tikafunsa wolakwa, aliyense amaloza mnzake, chifukwa palibe mmodzi amene anasenza udindo kuchokera pakhomo mpaka ku Chunga.

Ku Kanyama pansi ndi pamwala ndipo madzi ali pafupi. Ngalande zikatsekeka, madzi a mvula amasakanikirana ndi a m'zimbudzi n'kulowa m'zitsime. Kolera ya 2017 tinayiwona. Ya 2023 inafika poti bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ana n'kukhala pakhomo mpaka February 2024 sukulu zisanatsegulidwe. Maliro amenewo anali athu.

Choncho tikupempha kuti pangano lililonse la dera lathu limatidwe pa ofesi ya wadi, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi, losonyeza masiku otola, mtengo wake, kutalika kwa pangano ndi chilango cha wolephera. Lamulo la 2023 lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku boma lili kumbali yathu pa pempho limeneli. Kampani izilipidwa malinga ndi zinyalala zimene zapimidwa ku Chunga, osati pongokhala ndi chiphaso cha dera. Wolephera miyezi iwiri motsatana alandidwe dera, lipatsidwe kwa wina poyera.

Timagulu ta m'komboni musatitaye, chonde. Ndi ana athu, amadziwa tinjira timene galimoto singalowe. Alembedwe m'pangano lomwelo ndi onyamula, gawo lawo la ndalama lidziwike, ndipo komiti ya chitukuko ya wadi izisaina kuti ntchito yachitikadi ndalama zisanatuluke.

Tikupempha msonkhano ku Civic Centre mvula ya November isanayambe, ndi yankho lolembedwa pasanathe masiku 30.

Ndife anu,
Anthu okhala m'makomboni a Lusaka, amene tasaina pamapepala otsatirawa.