Za Maiko Ena: Akalilole a Mkuwa a ku Korea

Sabata ino tili ku Korea, m'nthawi ya mafumu a Goryeo, kuyambira 918 mpaka 1392. Anthu kumeneko ankadziyang'anira pa kalilole wa mkuwa wosungunulira pamodzi ndi tini. Kumaso kwake ankakukwecha mpaka mbee, kumsana n'kuikako maluwa, mbalame, ngakhale chombo pakati pa mafunde. Mwini akamwalira, kalilole ankalowa naye m'manda.

Chondiwawa ine n'chakuti kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, Ajapani akulanda dzikolo, akuba anafukula manda ambirimbiri ozungulira Kaesong, likulu lakale, nagulitsa za m'katimo. Lero akalilole ambiri ali ku Seoul m'nyumba yosungiramo zakale, koma manda amene ochuluka anachokamo sadziwika, eni akenso sadziwika.