Musanagule subplatter, onani nyeleti

Ma record yabwelanso. Banyamata ba ku Bwacha na Chimanimani bafukula ma turntable ya makolo bao kuti bamvele Lazy Bones!! ya WITCH na Africa ya Amanaz, ma album ya mu 1975. Manje nkhani yavuta ni subplatter.

Ni kawilo kamene kankala pansi pa mbale ikulu, pamene papita belt. Pa ma Rega yambili kamabwela ka pulasitiki, ndiye bantu baitanisa ka aluminium kunja, monga Groovetracer ya ku America. Kazungulila mushe, zoona. Koma mutengo ni madola, muikeponso shipping na duty.

Benangu bakuti Kabwe ni tauni ya njanji, ma lathe yalipo, tizapangisa chabe. Chenjelani apo. Turner akakulisako olo pang'ono, mbale siizafika pa 33⅓, izayenda slow, Jagari azamveka monga wauka na babalazi. Akachepesa, izathamanga. Na shaft ifunika kungena mu bearing ndendende.

Ine nikuti yambani na votchipa. Belt yakale imatambasuka, bearing ifuna kadontho ka oil. Ngati Rega yanu inachokela ku America, pulley yake ni ya 60 Hz, malaiti yathu ni 50, so izankala slow olo muikemo subplatter ya golide.

Maka-maka nyeleti, mwandi. Ikasila imadya record, ndipo yamene inadindiwa ku Teal ku Ndola ikaonongeka, simuzaipezanso mu shop iliyonse mu tauni.