Njinga ya bambo pa mayeso a Chingerezi

Pa mafunso okonzekera mayeso a IELTS amene ndawerenga sabata ino, lina likufunsa ngati munthu anali ndi njinga ali mwana, linzake ngati njinga n'zofala kwawo. Ena akuti amenewa ndi mafunso a ana a ku Ulaya, poti kuno mwana wokhala ndi njinga yakeyake ndi wosowa. Ine ndikuti kusowako ndiye nkhani yake. Gawo loyamba la mayeso olankhula limatenga mphindi 4 kapena 5 zokha, ndipo woyesa sawerengera chuma cha makolo. Amamvetsera ngati mawu akutuluka mosadodoma. Nanga ndani ali ndi zokamba zambiri kuposa amene anaphunzira kupalasa pa njinga ya bambo ake, mwendo atapisa kunsi kwa chitsulo chapakati poti chishalo chinali patali, tcheni chikumudetsa akakolo? Funso lachiwirilo akuliyankha kale akabaza, ogulitsa makala ndi onyamula odwala kupita nawo kuchipatala. Woloweza mayankho a pa intaneti amauma pakamwa woyesa akangopotoza funso pang'ono. Aphunzitsi, alekeni ophunzira akambe za njinga imene akuidziwa.