Maule ndi Manoma: Tsitsani Mpira Pansi

Yayandikiranso nyengo ija imene munthu ndi mlamu wake, amene masiku onse amadyera m'mbale imodzi ndi kubwerekana khasu mosawerengerana, amayamba kuyang'anana ndi diso la kumbali, pakuti wina mtima wake uli ku malaya ofiira pamene mnzakeyo uli ku abuluu. Kuno kwa Khwethemule, monganso m'dziko lonse la Thyolo kuchokera ku Bvumbwe kukafika ku Makwasa, nkhani ya m'mizere ya tiyi, ya pasikelo poyeza masamba ndi ya pamsika dzuwa likapendeka yasanduka imodzi yokha, yakuti Nyasa Big Bullets ndi Mighty Wanderers ali pafupi kukumana. Ndipo paliponse pakumveka "neba, neba", dzina limene ochemerera matimu awiriwa amaitanirana mwachipongwe koma mopanda njiru. Onse akufunsana kuti adzapambana ndani. Koma ine, ndisanayankhe limenelo, ndifuna nditule pabwalo funso lina loyenera kutsogola: kodi patsikulo mpira udzaseweredwa ndithu, kapena tidzangoona anyamata 22 akuthamangira chikopa chouluka m'mwamba kufikira woyimbira atawamasula ndi wenzulo yotsiriza?

Achinyamata ayenera kudziwa kuti mkangano wa matimu awa ndi wa pachibale. Wanderers, amene timawatcha Manoma kapena Nyerere, eni ake a nyumba ya mumsewu wa Lali Lubani, anayamba m'chaka cha 1962, dziko lino likutchedwabe Nyasaland. Ndipo mu 1967 osewera ena anapatuka m'nyumba imeneyo nakamanga yawo ya Bullets, imene lero tikuitcha Maule, timu ya anthu. Maina a othandiza matimuwa abwera napita, a Bata, a Total ndi a Bakili mbali ya Maule, a Yamaha, a Limbe Leaf, a MTL ndi a Be Forward mbali inayo, koma mkanganowo sunakalambe, pakuti mlandu suola. Tsono popeza kugonjera mlendo kumaiwalika m'sabata imodzi, pamene kugonjera mbale kumakumbutsidwa pamaliro ndi paukwati chaka chathunthu, osewera amalowa m'bwalo atasenza mantha amene sakhala nawo pa masewera ena onse a mu ligi.

Zipatso za manthawo akuzidziwa aliyense amene anaonerapo derby ya ku Blantyre, kaya pabwalo la Kamuzu ku Chichiri, kaya m'kanyumba ka kanema pamsika. Goloboyi akagwira mpira, m'malo moupereka kwa wotchinga kumbuyo amene waima payekha pafupi naye, amakweza dzanja kupitikitsira anzake onse kutsogolo naubutsa ndi mphamvu zake zonse. Wotchinga wa timu inayo aulandira ndi mutu naubweza kumene wachokera. Ndipo osewera pakati, amene anayenera kukhala eni ake a masewerawo, amangokweza makosi kuuyang'ana ukuwadutsa pamutu, popita ndi pobwera. Ochemerera nafenso tili ndi gawo lathu pa tchimoli, pakuti mnyamata wa kumbuyo akayesa kuuziziritsa mpira ndi kukweza maso kufuna mnzake, khamu lonse limamufuulira kuti "Chotsa! Chotsa!", ndipo iye, poopa kuti dzina lake lingakhale lotukwanidwa mu Ndirande monse kapena mu Bangwe monse, amachotsadi.

Tiyeni tilingalire modekha chimene chimachitika mpira ukaponyedwa m'mwamba chiponyeponye. Wotchinga kumbuyo amauona ukubwera kumaso kwake, ali nayo nthawi yosankha poima ndi yothamanga kuti adumphe bwino. Koma womwetsa zigoli amaulandira atafulatira golo, mdani ali pamsana pake, ndipo popeza anyamata athu akutsogolo ambiri ndi aafupi ndi opepuka thupi, pamene aphunzitsi amaika kumbuyo ataliatali ndi ojintcha, nkhondo ya m'mwambayo amailowa atagonja kale. Ngakhale atachita mwayi naugunda ndi mutu, mpirawo umagwera pamene palibe mnzake, chifukwa apakati atsalira kutali; motero timu imene inali ndi mpira yaupereka yokha kwa adani ake, niyamba kuuthamangiranso padzuwa la masana, ndipo pofika pakati pa chigawo chachiwiri miyendo yalemera, mitima yapsa, zotsala n'kutcherana miyendo ndi makadi achikasu. Mpira wapansi uli ndi nzeru yosiyana. Umayenda msanga kuposa munthu aliyense ndipo sutopa, kotero kuti timu yopatsirana imapumula uku ikusewera, pamene inzake ikutha mpweya. Chinsinsi chake si chozama: osewera atatu aime monga mafuwa pamoto, kuti yense wolandira mpira akhale ndi anzake awiri oti angawapatse, ndipo mdani mmodzi, ngakhale akhale waliwiro chotani, sangatseke njira ziwiri nthawi imodzi.

Wina adzanditsutsa kuti mpira wautali nawo unapambanitsapo matimu, ndipo sindikana. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mpira wotumidwa ndi mpira wotayidwa. Pamene Fischer Kondowe anali kuthamanga m'mbali mwa bwalo ndi malaya a Maule, kumponyera mpira patsogolo pake, kuseri kwa womutchinga, inali nzeru, chifukwa woponyayo anali ataona munthu, ataona mpata, nayesa mtunda. Ndipo ndani wa ife angaiwale Januwale wa 2022, pamene Gabadinho Mhango, mwana wa Maule yemwe, anakweza maso ku Yaoundé, naona kuti goloboyi wa Morocco, Yassine Bounou, wasuntha pamzere wake, naumenya kuchokera kutali kwambiri mpaka m'ukonde? Timu ya dziko lathu inagonja 2-1 tsikulo, koma chigolicho chinazungulira dziko lonse lapansi, chifukwa chinatsogozedwa ndi maso. Chimene ndikudana nacho ndi mpira womenyedwa maso ali pansi, umene cholinga chake n'chakuti ngozi ikagwere wina.

Ngakhale malamulo a masewerawa, kwa zaka zoposa 30 tsopano, akhala akusinthidwa kuti akondere timu yofuna kusewera. Mu 1992 analetsa goloboyi kugwira ndi manja mpira umene mnzake wam'bwezera dala ndi phazi, ndipo kuyambira pamenepo goloboyi wosadziwa kusewera ndi mapazi ndi wolumala pa ntchito yake. Mu 2019 analola kuti poyambitsanso mpira wotulukira kugolo, otchinga kumbuyo aulandirire m'kati mwa bokosi, pamene adani ayenera kuima kunja kufikira utamenyedwa; imeneyi ndi mphatso yopatsidwa kwa timu yofuna kumanga masewera kuchokera kumbuyo, koma ife kawirikawiri timaikana. Aphunzitsi tsopano aloledwa kusintha osewera asanu, kotero kuti sipakhalanso chifukwa chosungira mphamvu mwaumbombo. Ndipo mu 2025 anakhazikitsa lamulo lakuti goloboyi akasunga mpira m'manja kupitirira masekondi asanu ndi atatu, adani apatsidwe kona. Bwalonso silingakhale chowiringula, pakuti kaya akumane pa kapeti ya pa Kamuzu, kaya pa udzu wa bwalo la Bingu ku Lilongwe, pansi pake m'posalala, mopanda zitunda ndi miyala zimene ana athu amalimbana nazo m'mabwalo a pasukulu.

Lamulo la masekondi lija likukhudza nthenda ina ya mpira wathu, ndiyo kupha nthawi. Timu ikangotsogola ndi chigoli chimodzi, goloboyi wake amadwala mwadzidzidzi, ogwa pansi amachuluka, machira amalowa ndi kutuluka, ndipo wodwalayo akangofika kunja kwa mzere amachira mozizwitsa. Pamodzi ndi nthendayi pali inanso ya zithumwa, imene imachititsa anthu akuluakulu kukana kulowera pachipata choyenera, kuwaza madzi pagolo, ndi kukanganirana kathaulo ka goloboyi. Zonsezi muzu wake ndi umodzi, ndiwo kusakhulupirira luso limene Mulungu anaika m'miyendo yako. Mphunzitsi wokhala ndi anyamata aluso nawauza kuti chachikulu n'chakuti asagonje ali pamlandu umodzi ndi kapolo wa m'fanizo lija, amene anakumba pansi nabisa ndalama ya mbuye wake chifukwa cha mantha, naiona ikulandidwa pa tsiku lowerengera. Masamu a ligi nawo amamutsutsa: wopambana amatenga mapointi atatu, ofanana mphamvu amagawana imodziimodzi, yachitatuyo nitayika, kotero timu yolepherana ndi neba wake kawiri m'chaka imakolola mapointi awiri, pamene yopambana kamodzi nigonja kamodzi imakolola atatu. Wokondwera ndi kulepherana kwa Blantyre ndi Silver Strikers ya ku Lilongwe, imene inatenga ligi mu 2024.

Makolo a mpira wathu sanatchuke ndi mantha. Kinnah Phiri, amene anamwetsera dziko lino zigoli 71, ndi Jack Chamangwana, wotchinga wa Manoma wodekha amene anakasewera mpaka ku Kaizer Chiefs, anali adani m'derby koma abale m'timu ya dziko imene inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Afrika mu 1978 ndi mu 1979. Lawrence Waya sanakondedwe chifukwa chobutsa mpira kutali, koma chifukwa mpira unali kumumvera kuphazi; ndipo Joseph Kamwendo, munthu wochepa msinkhu, analamulira pakati pa bwalo zaka zambiri ndi maso ndi kupatsira, osati ndi mapewa. Mu 2004 Bakili Bullets, Kinnah Phiri ali mphunzitsi, anachotsa Orlando Pirates ya ku Johannesburg nafika m'magulu a mpikisano waukulu wa matimu a mu Afrika, kumene anakumana ndi Enyimba ya ku Nigeria. Manoma a Yasin Osman anatenga ligi mu 2017; Maule anaitenga kasanu motsatizana kuyambira 2018 kufikira 2023, chaka chimene Kalisto Pasuwa anawatsogolera kusesa zikho zinayi. Matimu a mbiri yotere sayenera kubisala kuseri kwa mipira yotayidwa.

Pali chifukwa china chimene ife a kuno tiyenera kulankhulira molimba. Ligi yathu imaseweredwa makamaka m'miyezi yopanda mvula, ndiyo miyezi yomwe tiyi amaphuka pang'ono, aganyu ambiri amapumitsidwa m'maesiteti, ndipo ndalama imasowa m'nyumba. Munthu wa kwa Khwethemule amene akwera kabaza kukafika kumsewu, nakwera minibasi mpaka ku Limbe, nalipira pachipata, nabwerera usiku, wapereka nsembe yoposa ya bwana wa m'tauni wokhala pamthunzi. Ndipo wotsala kumudzi, amene walipira pakhomo la kanema kapena wagula mabatire a wayilesi, naye wachotsa pa ndiwo za ana. Anthu otere sayenera kubwezeredwa mphindi 90 za kugwa ndi kudzuka. Kuwonjezera apo, ana athu akuonera. Mwana wosewera chikulunga pabwalo lotsetsereka la m'mapiri muno amaphunzira yekha kupatsirana pafupi, chifukwa chikulunga sichiuluka patali, ndipo amaphunzira kuuweta mpira chifukwa akauphonya utsikira kudambo. Koma akaona ngwazi zake zikubutsa chibutsebutse, amataya chuma chimenecho nayesa kuti ukulu ndi kumenya mwamphamvu. M'mera m'poyamba. Aphunzitsi a masewera m'sukulu zathu, kuyambira ku pulayimale za m'maesiteti kufikira ku yunivesite ya MUST ku Ndata, imene inatsegulidwa mu 2014 m'boma lathu lomwe lino, amagwira ntchito yowongola sabata yonse, ndipo derby imodzi yoipa imapinda zonse m'masana amodzi.

Tsono ndibwerere kwa ofunsa za wopambana. Musayang'ane kwambiri maina a omwetsa zigoli, ngakhale amene ali pamwamba pa ligi, pakuti derby siiwerenga zimenezo. Yang'anani mphindi 15 zoyamba, muone goloboyi amene ayambe kupereka mpira kwa wotchinga wake m'malo moubutsa, ndi timu imene apakati ake akutembenuka ndi mpira nkhope zawo zitaloza kugolo la adani. Imeneyo ndiyo ndikuipatsa masewerawo, ingakhale itayamba ndi kugoletsedwa, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati onse awiri aopa, tidzagawana pointi imodziimodzi, ndipo palibe woyenera kuimba nyimbo pobwerera.

Kwa inu aphunzitsi a matimu onse awiri, pempho langa ndi lakuti mumasule anyamata anu asewere. Kwa inu woyimbira ndi okuthandizani, werengani masekondi a goloboyi mosaopa khamu, ndipo nthawi yonse yophedwa muibweze kumapeto. Ndipo kwa inu abale anga ochemerera, ofiira ndi abuluu omwe, amene mudzakhale pabwalo kapena mudzazinge wayilesi pansi pa mtengo: mnyamata wanu wa kumbuyo akadzauziziritsa mpira nakweza maso, musadzamufuulire kuti achotse, koma mudzamuombere m'manja, ndipo masewera akadzatha, wogonja apereke dzanja kwa neba wake, pakuti Lolemba m'mawa nonse mudzaima pamzere umodzi pamaso pa kapitawo.