Tulo ta Khanda Kutali ndi Msana wa Agogo

Mwana wanga wamkazi, amene akugwira ntchito ya unamwino ku Manchester, anandiimbira lamya sabata yatha mawu akunjenjemera, nati, "Amayi, ndikufuna kumphunzitsa mdzukulu wanu kugona yekha, koma akangolira mtima wanga ukunditsutsa ngati ndachimwa." Ine amene ndinalera ana asanu pa mkeka umodzi, aliyense atagona pambali panga kufikira atasiya bere, ndinayamba ndakhala chete, pakuti mawu amene anali pafupi kutuluka anali odzudzula, ndipo ndinazindikira kuti sanali oyenera.

Njira imene anzake amulangiza inatchuka ndi Richard Ferber, dokotala wa ana wa ku Boston, amene buku lake linatuluka mu 1985. Chiphunzitso chake nchakuti munthu aliyense amadzidzimuka kangapo usiku, ndipo khanda limene linagona lili pa bere kapena m'manja, likadzidzimuka nkupeza bere lija palibe, lidzalira kufikira libwezeredwe. Chotero mayi aligoneke pakama pake likuodzera koma lisanagone, atuluke, likalira adikire mphindi 3 asanabwere kudzalitonthoza ndi mawu osalinyamula, kenaka mphindi 5, kenaka 10, usiku ndi usiku nthawiyo ikutalika, mpaka mwanayo atazolowera kudzipezera yekha tulo. Ganizo lolekerera mwana kulira nlakale kuposa apo, chifukwa Luther Emmett Holt wa ku New York analilemba kale mu 1894, ndipo lake linali louma kwambiri.

Kwathu kuno zotere zimamveka zachilendo, ndipo chifukwa chake nchoonekeratu: mwana akavuta, pali agogo omubereka ndi chitenje, pali azakhali, pali mtsikana wa nyumba yoyandikana amene adzamuyendetsa pabwalo akumuimbira mpaka mutu utagwera paphewa, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma mwana wanga ali m'nyumba ya zipinda ziwiri, iye ndi mwamuna wake okha, ndipo posachedwa adzabwerera ku ntchito ya maola 12 kumene dzanja lotopa likhoza kulakwitsa mankhwala a wodwala. Mutu umodzi susenza denga. Ndikayesa bwino, chimene Ferber anachikonza ndi mankhwala a mayi amene wasiyidwa yekha, ndipo ife amene tinali ndi misana yambiri yotithandiza tilibe mphamvu yomuweruza mayi wotereyo.

Komabe sindinamuvomereze zonse. Mdzukulu wangayo ali ndi miyezi 4 yokha, ndipo khanda la msinkhu umenewo likalira usiku, nthawi zambiri ndi njala yeniyeni. Madokotala a ku Britain komweko amalangiza kuti mwana agone chagada, pakama pakepake, m'chipinda chimodzi ndi makolo kwa miyezi 6 yoyamba, pofuna kuchepetsa imfa zadzidzidzi za makanda ali m'tulo. Ndinamuuza kuti adikire miyezi imeneyo ikwane, kuti akayamba asatsekere mwana chitseko nkupita kutali, ndiponso kuti tsiku limene mwana watentha thupi kapena akumera mano, aiwale za mphindi zija namunyamule.

Anandifunsa ngati ndingabwere kudzakhala nawo miyezi iwiri. Lolemba ndikupita kukakonzetsa pasipoti yanga, ndipo m'chikwama ndaikamo kale zitenje ziwiri.