Upolisi Si Unyolo ndi Chikoti Chokha

A Mkonzi,

Ndawerenga kalata ya bambo ena amene akuti kutumiza mwana kukoleji kukaphunzira za milandu ndi chilungamo n'kutaya fizi, poti wakuba amangofuna unyolo ndi chikoti. Bambo, mwalankhula ngati munthu amene sanagonepo m'chitokosi popanda chifukwa.

Ndime 42 ya Malamulo Aakulu a dziko lino imati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Pitani ku Maula kapena ku Chichiri mukaone anthu akudikira milandu yawo miyezi ndi miyezi, akugona mothithikana. Fayilo yasowa, mboni sizinaitanidwe, sitetimenti inalembedwa mwachisawawa moti woweruza akungopukusa mutu. Chikoti chanucho chikonza chiyani pamenepa?

Kumbukirani a Mayeso Gwanda, ogulitsa majumbo, amene apolisi anawagwira m'bandakucha ku Blantyre akupita ku geni yawo, ati vakabu. Mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime imene anamangidwira ikuphwanya Malamulo Aakulu. Mu 2007, pa mlandu wa a Kafantayeni, khoti linathetsa zoti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingopatsidwa chilango cha imfa. Anamenya nkhondo zimenezi ndi anthu amene anakhala pansi n'kuwerenga.

Perete wa kusukulu ya apolisi ku Kanjedza ngwofunika, sindikukana. Koma kusunga umboni osauipitsa, kapena kufunsa mwana wogwiriridwa osamuopseza, munthu sabadwa nazo. Tsiku limene mwana wanu adzakwezedwe m'galimoto ya apolisi usiku, mudzathamangira kwa yani, wachikoti kapena wodziwa malamulo?

Wowerenga wanu,
Zomba