Kodi Joyce Anatengera Chiyani kwa Ibsen?

M'chaka cha 1900, James Joyce, mnyamata wa zaka 18 wa ku Dublin, analemba m'magazini ya Fortnightly Review nkhani yoyamikira When We Dead Awaken, sewero lomaliza la Henrik Ibsen wa ku Norway. Ibsen anamuthokoza kudzera mwa womasulira wake William Archer. Joyce anafika pophunzira chilankhulo cha Ibsen kuti aziwerenga masewerowo mmene mwiniwake anawalembera.

Amene amati Joyce analeredwa ndi Ibsen pa zolembalemba ali ndi umboni. Ibsen ankakonda kuulula bodza lobisika m'mabanja olemekezeka. Mu A Doll's House, sewero la mu 1879, Torvald Helmer sadziwa kuti mkazi wake Nora anakongola ndalama mwamseri kuti amupulumutse ku matenda. Mu The Dead, nkhani yotsiriza m'buku la Joyce la Dubliners la mu 1914, Gabriel Conroy achoka kuphwando mtima uli dyokodyoko pa mkazi wake Gretta, koma m'chipinda cha hotela Gretta ayamba kulira Michael Furey, mnyamata amene ankamukonda kale ndipo anamwalira ali ndi zaka 17. Torvald ndi Gabriel azindikira mochedwa kuti akazi awo sawadziwa n'komwe.

Komabe otsutsa nawonso ali ndi mfundo. Anthu a Ibsen amagamula nkhani: Nora atuluka m'nyumba, kusiya mwamuna ndi ana. Anthu ambiri a Joyce amangopirira. Eveline, mtsikana wa mu Dubliners, aima padoko manja atagwira chitsulo, chibwenzi chake chikumuitana kuti akwere sitima, iye osasuntha. Mu Ulysses, buku la mu 1922, Leopold Bloom adziwa kuti mkazi wake Molly akuzemberana ndi Blazes Boylan, koma usiku abwerera kukagona pabedi lomwelo. Kalembedwe kolowa m'maganizo a munthu nako Joyce ankati anakaona kwa Édouard Dujardin wa ku France. Ndipo pamene anatsata Ibsen kwambiri, mu sewero la Exiles la mu 1918, m'pamene luso lake linaoneka lochepa.

Ine ndikuona kuti Ibsen anamusiyira Joyce funso lalikulu: munthu atani akatulukira kuti banja, mpingo ndi dziko zakhala zikumunamiza? Joyce analisenza funsoli moyo wake wonse, koma anayang'ana kwa anthu amene Ibsen sanawalabadire kwenikweni, anthu odziwa choonadi koma osowa mphamvu zochoka. Anthu otere ndiwo ochuluka, ndipo kuwalemba mwachilungamo kunafuna kulimba mtima kofanana ndi kwa Ibsen.